Mzere wa Choko Pakhoma: Luso Loika Nyali za HID ku Chitipa

Kuyendetsa galimoto usiku ku Chitipa kumafuna maso. Msewu wa tara wochokera ku Karonga, wautali makilomita pafupifupi 100 ndipo unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, umakwera mapiri mokhotakhota kudutsa cha ku Kayelekera mpaka pa Kapoka, kenako n'kulowa pa boma. Ukasiya tarayo, kaya ukulowera ku Misuku, ku Kameme, kapena kummwera kudzera ku Chisenga ndi ku Wenya mpaka ku Nthalire, umakumana ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, ndi nkhungu ya m'mapiri imene imakuta msewu mosagogoda. M'mbali mwa misewuyi mumayenda amayi osenza mitolo, anyamata a njinga zakapalasa zopanda nyali, akabaza a njinga zamoto, ndi ng'ombe zochedwa kulowa m'khola. N'chifukwa chake dalaivala wa Probox kapena Sienta yonyamula anthu akapeza kangachepe, maganizo amathamangira ku nyali zakutsogolo.

Mababu a HID, omwe ambiri amangowatchula kuti xenon, savuta kupeza masiku ano. Amagulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto, ndipo amalonda opita ku Tunduma ndi ku Nakonde amabwera nawo m'makatoni. Kuwalumikiza kuti ayake aliyense wodziwa kugwira pulayazi akhoza. Koma kuwaika kuti mwini galimoto aone patali, wobwera kutsogolo naye n'kumaonabe njira yake, ndi luso lenileni, ndipo amisiri amene ali nalo ine ndimawavulira chipewa. Ntchito yawo siyezedwa ndi kuchuluka kwa kuwala. Imayezedwa ndi malo amene kuwalako akulamula kuti kuthere.

Mmisiri wotere umamuzindikira poyambira pake. Dalaivala amafika pagalaja ali ndi katoni m'manja.

"A fundi, magetsi afooka. Ndiikireni oyera aja."

"Khalani kaye pansi, achimwene. Tione chimene chawafoola."

Katoni ija amaiika pambali, n'kutenga kamita koyezera magetsi. Amayamba ndi batire: injini ili chizimire ayenera kupeza mavolti pafupifupi 12.6, ndipo ikamalira, pakati pa 13.8 ndi 14.4, umboni woti alitaneta ikutchaja bwino. Kenako amayatsa nyali n'kuyeza pa pulagi penipeni pamene babu limalowa. Apa ndi pamene chinsinsi chimaululika. Magalimoto ambiri a kuno anayamba agwira ntchito zaka zambiri ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kudzalowa m'dziko muno pa Songwe. Mawaya ake akalamba, zolumikizira zachita dzimbiri, waya wa ethi wagwira pachitsulo chodzaza matope. Magetsi amachoka ku batire ali athunthu koma pofika ku babu ena atayikira m'njira. Babu la halogen silichedwa kudandaula: mphamvu ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nthawi zambiri mmisiri akapala dzimbiri, n'kumanga ethi pachitsulo choyera, nyali zija zimadzuka popanda kusintha babu ngakhale limodzi.

Akachoka pa mawaya amayang'ana nkhope ya nyaliyo. Chotchinga chakutsogolo pa magalimoto amakono si galasi, ndi pulasitiki yolimba yopakidwa mankhwala oiteteza ku dzuwa. Mankhwalawo akatha, pulasitiki imasanduka yachikasu ndi yambuu, ndipo kuwala kumangomwazika. Mmisiri amamata tepi mozungulira kuti asakande penti, n'kunyika sandipepa m'madzi. Amayamba ndi yokhakhala ya nambala 800, akupala mopingasa. Akasintha n'kutenga ya 1500 amapala chotsika ndi chokwera, kuti aone ngati mikwingwirima ya yoyamba ija yafufutika. Amamalizira ndi ya 2000. Madzi otsika pamenepo amayamba ali achikasu, kenako amayera ngati mkaka, ndipo iye amadziwa kuti wafika pa pulasitiki yamoyo. Akapukuta ndi polishi amapoperapo mankhwala atsopano oteteza ku dzuwa, chifukwa popanda zimenezo chikasu chimabwerera pakangopita miyezi yochepa. Pali madalaivala amene amabwerera kwawo katoni yawo ili yosatsegula, ali okhutira. Mmisiri wolola kutaya ndalama ya ntchito yaikulu chifukwa yaing'ono yakwanira ndi amene ndingamudalire ndi galimoto yanga.

Koma pali ena amene ntchito yawo ndi ya usiku, ndipo akufunikiradi kuwala koposa kumene halogen ingapereke. Kwa amenewa HID ili ndi phindu looneka. Babu la halogen lili ndi kawaya ka tungsten kamene kamatentha mpaka kuwala. M'babu la HID mulibe kawaya. Muli kabotolo kakang'ono ka quartz kodzazidwa ndi mpweya wa xenon ndi timchere ta zitsulo, ndipo m'kati mwakemo muli tinsonga tiwiri totalikirana mamilimita 4 okha. Kuti moto udumphe pampata umenewo, kabokosi kotchedwa ballast pamodzi ndi choyatsira chake kamatukula mavolti 12 a batire kufika pa mavolti oposa 20,000 kwa kamphindi. Moto ukagwira, xenon ndiye amawala koyamba. Kutentha kukakwera timchere tija timasanduka nthunzi, kuwala n'kukhwima. Ndiye chifukwa chake nyali zimenezi zimayamba mwabuluu n'kumayera pang'onopang'ono kwa masekondi angapo. Zikakhazikika, ballast imasunga motowo pa mavolti pafupifupi 85 pa mababu a D1 ndi D2, kapena 42 pa a D3 ndi D4. Mababu a D1 ndi D2 ali ndi mercury, ndipo babu lakupsa silitayidwa poti ana angalitole n'kuliswa.

Galimoto yoyamba kutuluka m'fakitale ndi nyali zotere inali BMW 7 Series, mu 1991. Chimene chinakopa opanga magalimoto ndi masamu ake. Babu la H4, lomwe lili m'magalimoto ambiri a kuno, limadya mawati 55 pa dimu n'kupereka kuwala kwa malumeni pafupifupi 1,000. Babu la D2S limadya mawati 35 okha n'kupereka malumeni pafupifupi 3,200, ndipo limakhalitsa maola 2,000 kapena kuposerapo, pomwe la halogen limapsa m'maola mazana ochepa. Kuwala kowirikiza katatu pa magetsi ochepa: palibe dalaivala angakane.

Vuto limabadwira pomwepo. Kumbuyo kwa babu la halogen kuli mbale yonyezimira, ndipo mbale imeneyi anaiumba poyang'ana kawaya ka tungsten kaja: utali wake, pamene kakhala, ndi kachitsulo kamene kali pansi pake kotchinga kuwala kuti kusakwere m'mwamba. Moto wa HID suli choncho. Umapindikira m'mwamba chifukwa cha kutentha, umawala kwambiri kunsonga kusiyana ndi pakati, ndipo pa mababu otchipa sukhala ndendende pamene kawaya kanali. Ukasuntha ndi milimita imodzi yokha, mbale ija imaponya kuwala kolakwika. Kwina kumagwera pafupi kwambiri ndi bampala, maso a dalaivala n'kuzolowera kuwala kwa pafupi, kutali n'kumaoneka mdima woposa kale. Kwina kumakwera m'mwamba n'kukalowa m'maso mwa wobwera kutsogolo. Kuwala kuli ngati madzi a mthirira: akachuluka popanda ngalande yowatsogolera sathirira dimba, amalikokolola.

Amene anayendapo usiku pa makona a Kayelekera amadziwa kuwawa kwake. Galimoto ikatulukira ndi nyali zoterozo umataya msewu kwa masekondi angapo, ndipo ngati ukuthamanga makilomita 80 pa ola, sekondi iliyonse wadutsa mamita 22 osaona kanthu. M'mamita amenewo mukhoza kukhala mwana, njinga, kapena ngolo. Wakabaza wa njinga yamoto, yemwe alibe chitsulo chomutchinga, ndiye amaona zakuda koposa. Mmisiri amene ndikumutamanda pano amakana kuika babu la HID m'mbale ya halogen, ngakhale mwini galimoto aumirire bwanji. Amamukumbutsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, n'kumuuza kuti njira yabwino ilipo, kungoti imafuna nthawi ndi ndalama yoonjezera. Njirayo ndi kuika pulojekita.

Pulojekita ndi kanyali kathunthu kamene amakalowetsa m'kati mwa nyali yakale. Kali ndi mbale yakeyake yozama imene imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, kachitsulo kotchinga koima pamalo omwewo, ndi galasi lochindikala kutsogolo. Galasilo limatembenuza chithunzi, kotero kachitsulo kotchinga kumunsi kamabweretsa mdima kumwamba. Zotsatira zake ndi mzere wakuthwa: pansi pake kuwala kokhakokha, pamwamba pake mdima. Mzerewu si wowongoka kuchokera uku mpaka uko. Uli ndi kakhwerero, mbali imodzi n'kukwera pang'ono kuti iunikire oyenda pansi ndi zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Apa mmisiri amachita chinthu chimene wosadziwa sangachiganizire. Asanamasule nati ndi imodzi yomwe, amayatsa pulojekita ali nayo m'manja n'kuiloza pakhoma kuti aone mbali imene kakhwerero kakwera. Ku Malawi, ku Tanzania, ku Zambia ndi ku Japan magalimoto amayenda kumanzere, choncho mzere uyenera kukwera kumanzere, kumbali ya tchire. Mapulojekita opangira mayiko oyenda kumanja, monga China ndi America, amakwera kumanja, ndipo pa misewu yathu ndiye kuti akulunjika m'maso mwa wobwera. Otere amawabweza. N'chifukwa chake amisiri ena amakonda ochotsa m'magalimoto a ku Japan amene anachita ngozi, monga Toyota Mark X, poti anapangidwira mbali yathu kuchokera kufakitale.

Kutsegula nyali ndi ntchito ya munthu wodekha. Chotchinga chakutsogolo chinamatidwa ndi phula lakuda lolimba, lomwe limafewa likatenthedwa. Mmisiri amayendetsa makina opemerera mpweya wotentha m'mphepete monse, osaima pamodzi kuopa kusungunula pulasitiki. Amayesa ndi chala, n'kulowetsa sikuludiraiva yophwatalala pakona ya pansi, pomwe chipsera sichingaoneke, n'kumakanula pang'onopang'ono. Phula limatamuka n'kumaduka ulusi, ndipo iye amaonetsetsa kuti ulusi umodzi usagwere pa mbale yonyezimira, chifukwa siliva wake ndi wopyapyala moti kupukuta ndi nsalu kokha kumamuchotsa. Amalowetsa pulojekita pabowo la babu lakale n'kumanga nati kumbuyo, koma osalimbitsa. Amabweza nyali pagalimoto ili chitsegukire, n'kuyatsa, n'kumazungulitsa pulojekita pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, mpaka mzere utagona chopingasa bwinobwino. Akatseka msanga mzere uli wopendekeka, palibenso sikuluwu yakunja ingauwongole. Ayenera kutenthanso phula n'kuyambiranso. Babu lenilenilo saligwira ndi chala pagalasi, poti mafuta a m'manja amapserera pamenepo n'kulifupikitsa moyo.

Mawaya ake amakoma kuwayang'ana. Ballast ikamayatsa imakoka magetsi ochuluka kuposa amene imadya ikakhazikika, ndipo mawaya okalamba a galimoto sangawapereke mokwanira. Nyali zimaphethira kapena imodzi imakana kuyaka. Choncho amakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, n'kuika fyuzi pafupi ndi batire penipeni, n'kudutsitsa pa relay. Switchi yakale imangotsala ndi ntchito yolamula relay. Polumikiza sapota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi, amawotcherera ndi mtovu n'kuveka kachubu kamene kamafinyika kakatenthedwa. Ballast amaimangirira kutali ndi kutentha kwa injini ndi kutali ndi madzi othovuka m'mateyala, ataika kachidutswa ka chubu chakale pansi pake kuti mabampu a msewu wa ku Nthalire asaigwedeze mpaka kuipha. Waya wolowa m'nyali amaupinda kuti uyambe watsika usanakwere, kuti dontho la mvula lotsatira waya ligwe pansi lisanafike pabowo. Chivindikiro chakumbuyo amachiboola mwa muyeso n'kutsekapo ndi rabala, koma timabowo topumira ta nyali amatisiya, chifukwa nyali yosapuma imachita thukuta m'kati. Ndipo saiwala kuchenjeza wophunzira wake: "Iwe, usagwire pamenepo magetsi ali oni."

Pa nkhani ya fulu amaganiziranso chikhalidwe cha madalaivala athu, amene amalankhulana ndi nyali: kupatsana moni, kuchenjezana, kupempha njira. Babu la HID silikondwa ndi kuyatsidwa n'kuzimitsidwa pafupipafupi, ndipo silifika pa mphamvu yake nthawi yomweyo. Choncho pa galimoto ya nyali zinayi amasiya halogen pa fulu. Pa ya nyali ziwiri amaika pulojekita imene kachitsulo kake kotchinga kamagwa pansi dalaivala akaponya fulu, babu lili chiyakire.

Mtundu wa kuwala ndi pamene amakangana kwambiri ndi anyamata. Pa makatoni pamalembedwa 4300K, 6000K, 8000K, ndipo ambiri amayesa kuti nambala yaikulu ndiye kuwala kwambiri. Nambalayo imanena za mtundu basi. Mababu oikidwa kufakitale amakhala cha pa 4300K, oyera mopitira pang'ono kuchikasu, ndipo ndi amene amapereka kuwala kochuluka. Ukamakwera kupita ku 8000K kuwala kumasanduka kwabuluu, kumachepa, ndipo kumalasa maso a anzako. Pa msewu wonyowa wa tara, kapena m'nkhungu ya ku Misuku kufupi ndi nkhalango ya Mughese, buluu wokongola uja sathandiza. M'nkhungu ndi m'fumbi la lole imene ili patsogolo, mzere wakuthwa uja umapulumutsanso mwini galimoto, chifukwa kuwala kokwera m'mwamba kumagunda timadontho ndi fumbi n'kubwerera m'maso mwake.

Ntchito yonseyi imakathera pakhoma, dzuwa litalowa. Mmisiri amafuna malo athyathyathya, ndipo pabwalo la galaja yake amadziwa kale pamene nthaka siyopendekeka. Amayamba wayeza mpweya m'mateyala onse, n'kuuza dalaivala akhale pampando wake. Amayandikitsa galimoto kukhoma, n'kuyeza ndi tepi kuchokera pansi kufika pakati pa galasi la pulojekita, n'kulemba msinkhu umenewo pakhoma ndi choko, pamodzi ndi timitanda tiwiri toloza pakati pa nyali iliyonse. Kenako galimoto imabwerera m'mbuyo mowongoka mamita 10. Pa nyali zambiri, pamwamba pa chikombole chake, pamakhala polembedwa 1.0% kapena kuposerapo pang'ono, kutanthauza kuti pa mita iliyonse kuwala kutsike ndi sentimita imodzi. Pa mamita 10 ndiye masentimita 10. Amajambula mzere wachiwiri pansi pa woyamba uja, n'kuphimba nyali imodzi ndi katoni, n'kulowetsa sikuludiraiva kuseri kwa inayo. Amapotoza theka, n'kudzuka kukayang'ana, n'kubwerera kukapotozanso pang'ono. Mzere wa kuwala umatsika mpaka kukhudza wa choko, ndipo poyambira kakhwerero pamagwera pa kamtanda. Akatero amasinthira ku nyali inayo.

Masentimita 10 amenewa ndi aakulu kuposa mmene amaonekera. Nyali imene ili masentimita 70 kuchokera pansi, ikatsika motero, kuwala kwake kumakagunda msewu pa mamita 70. Ikatsika kawiri kuposa pamenepo, dalaivala amangoona mamita 35. Ikakwera pang'ono pokha, kuwala sikugundanso pansi, kumangopita m'maso mwa anthu. Mmisiri wa kuno amadziwanso chinthu chimene buku la malangizo a galimoto la ku Japan silinaganizire: Probox ya ku Chitipa siyenda yopanda kanthu. Kumbuyo kukadzaza matumba a chimanga kapena khofi wa ku Misuku, galimoto imakhalira kumbuyo, mphuno n'kudzuka, mzere uja n'kukwera nayo. Choncho amaitana anyamata awiri kapena atatu kuti akhale kumbuyo, dalaivala adzionere yekha mmene mzere wadumphira pamwamba pa choko. Ngati galimoto ili ndi kagudumu kotsitsira nyali pafupi ndi chiwongolero, amamuphunzitsa kukagwiritsa ntchito. Ngati ilibe, amatsitsako mzere pang'ono poganizira katundu wa tsiku ndi tsiku. Pomaliza amayenda wapansi kutsogolo kwa galimoto, n'kutembenuka, n'kunjuta mpaka maso ake atafika pa msinkhu wa dalaivala wa galimoto yaing'ono. Amafuna kuona chimene mlendo wosamudziwa adzaone usiku wa mawa.

Mayiko ena nkhaniyi anaiika m'malamulo. Ku Ulaya, nyali ya dimu yoposa malumeni 2,000 iyenera kukhala ndi makina odziwongolera okha galimoto ikalemedwa, komanso chotsukira nkhope yake. Ku Britain, kuyambira mu 2021, galimoto yamakono imene aika babu la HID m'nyali ya halogen imalephera mayeso a chaka ndi chaka. Kwathu kuno galimoto imayenera kukhala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti inayezedwa, chochokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, koma pakati pa kuyezedwa kumodzi ndi kwina pamadutsa mausiku ambiri, ndipo pa msewu wa ku Wenya pakati pa usiku palibe woyeza. Chimene chimateteza wanjinga kumeneko ndi chikumbumtima cha munthu amene anagwira sikuludiraiva.

Masiku ano mababu a LED ayamba kulanda msika, ndipo nkutheka kuti m'zaka zikubwerazi ballast idzasowa m'mashopu. Luso limene ndafotokozali silidzatha nayo. LED yoikidwa m'mbale yosayenera imathobwa m'maso chimodzimodzi, ndipo imafunanso ethi yoyera, nkhope yopalidwa, mbali yolondola ya kakhwerero, ndi khoma. Achinyamata amene akuphunzira zamagetsi a galimoto, kaya m'sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA kaya pagalaja ya amalume awo, aphunzire kuyeza asanaphunzire kugulitsa. Nafenso eni magalimoto tili ndi mbali yathu. Tisamathamangire wotchipa amene amamaliza ntchito masana dzuwa likuswa mtengo, pomwe mzere wa nyali sungaoneke n'komwe. Mmisiri akatiuza kuti tidikire kude kuti ayeze, tidikire, ndipo ola limenelo tilipire mosanyinyirika, chifukwa ndi limene limasiyanitsa nyali yothandiza ndi nyali yopha anthu.